Ndinavinadi pamsewu, koma tamvera kaye

London, Seputembala

Mnzanga wapamtima,

Kaya mwadzuka bwanji kumeneko ndi ana? Nanga amayi mwendo uja ukupezako bwino? Ife kuno tilipo, kungoti dzuwa layamba kale kutithawa, m'mawa ndikamapita kuntchito ndayambanso kuvala juzi.

Uthenga wako wa mawu uja ndinaulandira, mphindi zisanu ndi ziwiri zathunthu, ndipo ndaumvera katatu. Chithunzi unachiona pa WhatsApp chija n'chenicheni. Ndine ndemwe, utoto kumaso, mbendera ya dziko la eni m'khosi, kumbuyo kwanga atsikana atavala nthenga ndi mikanda basi. Unati amayi a Mvano akachiona akomoka. Unafunsanso ngati ndinakwerera ndege kudzavina zamaliseche pamsewu. Pafoni sindikanatha kukuyankha, iwe suja umalola munthu kumaliza mawu, ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe monga tinkachitira kale tili kusekondale. Upeze mpando, nkhaniyi ndi yaitali.

Amene anandikokera ku Notting Hill Carnival, chikondwerero cha pamsewu cha anthu ochokera ku zilumba za Caribbean, ndi agogo ena a kutchalitchi kwathu kuno. Kwawo ndi ku Trinidad, anabwera ku London ali kamtsikana m'zaka za m'ma 1950, ndipo pano akuyendera ndodo. Ndi mayi opemphera kuposa iwe ndi ine kuphatikiza, chisoti chawo cha Lamulungu sichipendekeka. Chaka chino mdzukulu wawo amene amawaperekeza anali pantchito, ndiye anandipempha ine. Ndinayamba kupereka zifukwa zomwe ukuperekazi: phokoso, kuledzera, zovala. Anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kundifunsa kuti ndakhala zaka zingati m'dziko muno. Nditawauza, anati zaka zonsezo ndakhala ndikuyenda momasuka m'misewu imene sindidziwa kuti anandilambulira ndani. Mawu amenewo anandilasa, moti ndinangovomera.

Zambiri zimene ndikulembe pano ndinazimva kwa iwo m'basi, zina ndinachita kukawerenga nditabwerako, poti ndinachita manyazi ndi umbuli wanga.

Nkhondo yachiwiri itatha, Britain inkasowa anthu ogwira ntchito. Mu Juni 1948 sitima yapamadzi yotchedwa Empire Windrush inakocheza ku Tilbury itanyamula anthu mazanamazana ochokera ku zilumba za Caribbean, ndipo m'zaka zotsatira anabwera ena ambirimbiri. Sanabwere mozemba. Anali nzika za ufumu wa Britain, anaphunzira mbiri ya mafumu a ku England kusukulu, ena anamenya nawo nkhondo. Anayendetsa mabasi ndi sitima, anakhala manesi m'zipatala. Koma ikafika nkhani ya pogona, pamawindo a nyumba za lendi pankalembedwa poyera kuti akuda ayi. Malo amene ankawalandira anali ochepa, ndipo Notting Hill anali amodzi mwa iwo, chifukwa nthawi imeneyo kunali nyumba zakutha, zachinyontho, zodzaza makoswe. Kunali mwininyumba wina, Peter Rachman, amene ankadula nyumba imodzi tizipindatizipinda n'kulongamo mabanja pamtengo wokwera. Anaipa mbiri mpaka dzina lake linalowa mu dikishonale ya Chingerezi kutanthauza nkhanza za eni nyumba. Agogo aja akuti banja lawo lonse, anthu asanu ndi mmodzi, linkagona m'chipinda chimodzi, sitovu ili pakhonde pogawana ndi mabanja ena.

Ndiye kumapeto kwa Ogasiti 1958 zinthu zinaphulika. Magulu a anyamata achizungu, ambiri mwa iwo aja ankatchedwa Teddy boys, anayamba kusaka anthu akuda m'misewu ya Notting Hill atanyamula zitsulo, matcheni, mipeni ndi mabotolo a petulo. Ankafika mazana angapo usiku umodzi, kuswa mawindo a nyumba iliyonse imene ankadziwa kuti mumakhala munthu wakuda. Zinatenga pafupifupi sabata, mpaka kuchiyambi kwa Seputembala. Agogo akuti bambo awo anakankhira wadilopu kuchitseko, ana anawagoneka pansi pa bedi, nyali anazimitsa, ndipo chimene amachikumbukira kwambiri si kukuwa kwa anthu koma phokoso la magalasi akusweka nyumba ndi nyumba, likuyandikira. Patapita masiku, amuna a ku Jamaica ndi zilumba zina anasonkhana pa Blenheim Crescent n'kubwezera, ndipo kuyambira pamenepo achiwembu aja anayamba kuganiza kawiri. Anyamata asanu ndi anayi achizungu amene anagwidwa atamenya anthu akuda anagamulidwa zaka zinayi aliyense.

Tsono apa ndi pamene pali nkhani imene ndikufuna uimve, iwe wokonda kwaya. Kunali mayi wina wa ku Trinidad, Claudia Jones. Anakulira ku New York, anamangidwa kumeneko chifukwa cha ndale zake za chikomyunizimu, ndipo mu 1955 boma la America linamuthamangitsa n'kufikira ku London, thanzi lake lili lofooka kale. Mu 1958 anayambitsa nyuzipepala ya West Indian Gazette ku Brixton. Zipolowe zitatha, atsogoleri a anthu akuda ankakumana kukambirana chochita: ena ankati tilembe madandaulo, ena ankati tigube. Mayiyu anati zonsezo zichitike, komanso tivine. Pa 30 Januwale 1959, pakati pa dzinja lozizira la kuno, anakonza chikondwerero cha Chikaribiyani mu holo ya St Pancras, muli nyimbo za calypso, magule, zovala za Carnival ndi mpikisano wa chiphadzuwa wa atsikana akuda, ndipo BBC inaonetsa pa kanema. Taganiza: miyezi isanu chabe chichokereni pobisala pansi pa bedi, anthu omwewo akuonekera m'nyumba za azungu kudzera pa kanema, atatchena, akuseka. Mbali ina ya ndalama zimene anapeza inathandiza kulipira chindapusa cha achinyamata amene anagwidwa pa zipolowe zija. Mayiyu ankakhulupirira kuti ufulu wa anthu umayambira pa luso lawo. Anamwalira mu Disembala 1964 asanaone chikondwererochi chikutuluka panja, ndipo anaikidwa kumanda a Highgate pafupi ndi Karl Marx.

Usaganize kuti atavina zinthu zinakoma. Mu Meyi 1959, kalipentala wa ku Antigua dzina lake Kelso Cochrane, wa zaka 32, anabayidwa ndi gulu la anyamata achizungu pa Southam Street akuchokera kuchipatala usiku. Mpaka lero palibe amene anagamulidwa pa imfa imeneyi. Ku maliro ake ku Kensal Green kunafika anthu oposa chikwi, akuda ndi azungu omwe. Chaka chomwecho Oswald Mosley, mtsogoleri wakale wa chipani cha chifasisiti, anaima pachisankho m'dera lomweli akulalikira kuti akuda abwerere kwawo, ndipo anagwa chagada.

Nditamva za 1959 ndinakumbukira zimene umaphunzitsa ana ako a Fomu 2. Pa 3 Malichi chaka chimenecho ndi pamene boma la atsamunda linalengeza za chitetezo chokhwima kwathu, Kamuzu n'kutengedwa kupita kundende ya ku Gwelo, anthu n'kuwomberedwa padoko la Nkhata Bay. Boma lake linali limodzi lomweli, likulu lake lili mtunda wa makilomita ochepa kuchokera pamene Cochrane anagwera. Ndipo Kamuzuyo, asanapite ku Ghana, anali dokotala ku Harlesden, komwenso agogo aja akukhala lero, kufupi ndi manda a Kensal Green. Nditawauza anati dzinalo analimvapo, koma sankadziwa kuti ndi wa kwathu.

Za kutuluka panja zinabwera cha mu 1966. Mayi wina wothandiza anthu m'derali, Rhaune Laslett, anakonza kachikondwerero ka ana a mitundu yonse yokhala kumeneko, n'kuitana woimba wa ku Trinidad, Russell Henderson, ndi anzake a ng'oma zachitsulo. Anyamatawo atatopa kuimba ali chiimire, anakoleka ng'oma m'khosi n'kuyamba kuyenda mumsewu. Anthu a ku zilumba atamva kulira kwa kwawo anatuluka m'nyumba, ena atasiya mphika pamoto, n'kumalondola pambuyo. Carnival ya pamsewu inayamba choncho. Lero kumafika anthu oposa miliyoni imodzi pa masiku awiri, Lamulungu ndi Lolemba lomaliza la Ogasiti.

Ife tinayamba Loweruka madzulo, ku mpikisano wa magulu a ng'oma zachitsulo umene amautcha Panorama, pa kapaki kena m'mbali mwa Kensal Road. Mnzanga, apa ndiye ndinakulakalaka. Ng'omazi ndi migolo ya mafuta, yomwe ija timatungiramo madzi kukathima mipope. Amadula mgolo, n'kusula pansi pake ndi hamala mpaka pakhale ngati beseni, kenako n'kusula timabwalo tating'onoting'ono m'kati mwake, kalikonse ndi liwu lakelake. Wodulidwa mofupika umalira mokweza ngati sopulano, wosiyidwa wathunthu umalira besi, ndipo woimba besi amaima pakati pa migolo isanu ndi umodzi kapena kuposa, akutembenuka uku ndi uku ngati mayi wophika pamaliro. Timitengo toimbira tili ndi labala kunsonga. Gulu limodzi limakhala ndi anthu makumi angapo, palibe wogwira pepala, nyimbo yonse ya mphindi khumi ili m'mutu. Kutsogolo kwathu kunali kamtsikana, sindikhulupirira kuti kanakwana zaka khumi ndi ziwiri, katamanga nsalu kumutu, lilime lili panja pang'ono chifukwa cha khama, manja akuthamanga osaoneka. Pambali pake panali bambo wa imvi akuimba mzere womwewo. Atafika pamene nyimbo imatsika mpaka kumveka ngati mvula yowaza padenga la malata, kenako n'kukwera onse pamodzi, ndinapezeka ndaimba nthungululu. Anthu anacheuka, mayi wina anandiwombera m'manja.

Agogo anandifotokozera chifukwa chake ng'oma zawo zili zachitsulo. Ku Trinidad, mu 1881, apolisi a atsamunda anayesa kuletsa chikondwerero cha ana a akapolo mu Port of Spain, anthu anakana, panabuka nkhondo ya m'misewu. Patapita zaka zochepa boma linaletsa ng'oma zachikopa. Anthu anadula nsungwi n'kumazigunditsa pansi. Kenako anatola zitini za mabisiketi, zivindikiro za mabini, zitsulo za galimoto zakutha, mpaka m'zaka za m'ma 1940 anafika pa migolo, poti Trinidad ndi dziko la mafuta ndipo migolo inali mbwee. Ine ndinakumbukira malipenga a ku Nkhata Bay kwa amalume ako, momwe agogo athu anaonera perete wa asilikali a atsamunda a KAR n'kumusandutsa gule, zikho m'malo mwa malipenga amkuwa, makabudula oyera ositidwa bwino, ndodo m'manja ngati bwana. Ndinayesa kuwafotokozera agogo, ndinaguba pang'ono pomwepo pa udzu, ndipo anaseka mpaka kutsokomola. Anati kwawonso kuli amene amavala ngati amalinyero a sitima zankhondo n'kumayenda mopepesuka, kunyogodola azungu amene ankawaona padoko.

Lamulungu tinalawira. Kuli mwambo wa m'bandakucha wotchedwa J'ouvert, pamene anthu amapakana utoto ndi ufa, koma ife tinaupeza ukutha. Utoto unauona kumaso kwanga uja anandipaka ndi mnyamata wina amene anayamba wapempha kaye chilolezo kwa agogo, osati kwa ine. Lamulungu ndi tsiku la ana. Timagulu ta ana tinkadutsa pa Ladbroke Grove titavala mapiko a agulugufe aakulu kuposa eni ake, amayi awo ali pambali ndi mabotolo a madzi ndi mapini. Zovala zimenezi sagula m'sitolo. Magulu amasoka okha miyezi yambiri m'maholo a matchalitchi ndi m'magalaja, madzulo akaweruka kuntchito, ndipo oimba migolo nawo amaphunzira chaka chonse. Ndinaona kuti masiku awiri a pamsewuwa ndi nsonga chabe. M'maholo amenewo ndi momwe mwana amapeza malume amene si malume wake, momwe amadziwirana amene akudwala, amene wachotsedwa ntchito, amene mwana wake watengedwa ndi apolisi. Zili ngati kwaya yako ija: anthu amaona Lamulungu, koma amene anakusenzera maliro a bambo ako ndi anthu a pa mapulakatisi a Lachinayi.

Kenako agogo anati tipatuke. Tinalowa kamsewu kena kabata pang'ono, nyumba zake zazitali, zopakidwa pinki, zina chikasu, zina mtundu wa mtambo, zokongola ngati keke. Eni ake ambiri anali atathawa phokoso kupita kunja kwa tauni, mipanda ndi masitepe atakhoma matabwa. Anaima pa nyumba ina n'kuloza windo la pamwamba ndi ndodo yawo. M'menemo ndi momwe munali bedi lija. Nyumba imene munkagona mabanja asanu kapena kuposa lero mukukhala banja limodzi, ndipo mtengo wake ndi mapaundi mamiliyoni. Palibe mwana wawo kapena mdzukulu amene angakwanitse lendi ya chipinda chimodzi mumsewu umenewo. Sanalire ayi. Chapatali lole ya nyimbo za soca inkadutsa, besi ikumveka m'matabwa aja. Anandipatsa chikwama chawo kuti ndigwire, anakweza ndodo m'mwamba, n'kuyamba kuvina pakati pa msewu, pang'onopang'ono, mapazi osanyamuka kwenikweni, chiuno chokha ndi mapewa, maso ali pa windo lija. Mwina panatha mphindi ziwiri. Atamaliza anatenga chikwama chawo n'kunena kuti chaka chino aonekera, tiyeni tikadye.

Kuyambira pamenepo ndinavina, mnzanga, sindikubisira. Mbendera unaiona ija ndi ya Trinidad, anandikoleka ndi iwowo.

Tinadya pa All Saints Road, nkhuku yootcha ya tsabola wa ku Jamaica, yowotchera m'migolo yodulidwa pakati chamlitali, utsi uli tolotolo msewu wonse, ndi mpunga wophikira nyemba. Mtengo wake usandifunse, ndikausintha m'makwacha ungandiyese wamisala. Pamsewu umenewu pa nambala 8 panali lesitilanti yotchedwa Mangrove, imene Frank Crichlow wa ku Trinidad anatsegula mu 1968. Inali malo okumanirana anthu akuda, ophunzira ndi osaphunzira omwe. Apolisi anaithyola kakhumi ndi kawiri m'miyezi yosakwana makumi awiri, ati kufuna chamba, osachipeza. Mu Ogasiti 1970 anthu anaguba kudandaula, panabuka ndewu, ndipo asanu ndi anayi anaimbidwa mlandu woyambitsa zipolowe. Mlandu unatenga masiku 55 ku khoti la Old Bailey mu 1971. Awiri mwa iwo, Darcus Howe ndi Altheia Jones-LeCointe, anakana maloya n'kudziimira okha, kufunsa apolisi mafunso maso ndi maso. Onse anapezeka osalakwa pa mlandu waukuluwo, ndipo woweruza ananena kuti panali umboni wa chidani cha mtundu kumbali zonse ziwiri, kutanthauza ndi apolisi omwe, chinthu chimene khoti la kuno linali lisanavomerepo. Lesitilantiyo kulibenso, koma gulu la migolo lotchedwa Mangrove lilipo mpaka lero, ndipo linali nawo pa mpikisano wa Loweruka uja.

Carnival yeniyeniyo inakhalaponso bwalo la nkhondo. Mu 1976 apolisi anabwera ochuluka zedi, achinyamata anali atatopa kale ndi lamulo lakale limene linkalola wapolisi kumanga munthu pongomuganizira kuti akufuna kuba, ndipo tsiku lomaliza kunagwa miyala ndi mabotolo, apolisi oposa 100 n'kuvulala. Panamveka mawu ambiri oti chikondwererochi chithe, kapena achitsekere m'paki kapena mu sitediyamu. Mawu amenewo amabwerabe chaka ndi chaka. Eni ake amakana, ndipo nditaona agogo pa windo lija ndinamvetsa chifukwa chake. Mu sitediyamu mulibe windo limenelo.

Masana tinakaima pa imodzi mwa masaundi aja oima pamalo amodzi, mwambo wa ku Jamaica umene unalowa mu Carnival cha mu 1973. Masipika ake amasanjikizana ngati khoma la nyumba, ambiri opangidwa pamanja ndi eni ake. Besi yake sumva ndi makutu, imalowa m'nthiti, mabatani a bulauzi amachita kunjenjemera. Pena ndi reggae yakale, pena soca, ndipo pakona ina ndinamva amapiano a ku Joni ndi nyimbo za ku Nigeria, achinyamata a ku Africa atakweza mbendera zawo. Ya Malawi ndinaiona imodzi yokha, patali, ndinakuwa koma mwini wake sanamve.

Pamenepo ndinadzifunsa zinthu zosakoma. Ukudziwa momwe ife obwera kuchokera ku Africa timayankhulira tikakhala patokha. Ndamvapo, ndipo nanenso ndinanenapo, kuti anthu a ku zilumbawa ndi aukali, ana awo ndi osamva, amakonda kudandaula za tsankho pamene ife timangogwira ntchito mwakachetechete. Koma lamulo loletsa kukaniza munthu nyumba kapena ntchito chifukwa cha khungu linabwera mu 1968, ife tisanabadwe, ndipo amene analimenyera ndi iwowa. Ine ndinapeza lendi popanda chikwangwani pawindo. Kukhala chete kwanga kuntchito kuli ndi amene anakulipirira. Ndipo mu 2018 zinaululika kuti ena mwa okalamba omwewa, amene anabwera ali ana pa mapasipoti a makolo awo, boma linkawatenga ngati olowa mozemba, ena anachotsedwa ntchito, ena anakanizidwa chithandizo kuchipatala, ena anatumizidwa ku zilumba zimene anachokako ali aang'ono. Nduna ya za m'dziko inatula pansi udindo chifukwa cha nkhaniyi. Chaona mnzako chapita. Ife a mapepala ongowonjezera zaka ziwirizitatu tisamadzione ngati tinafika.

Itakwana 3 koloko kunachitika chinthu chimene sindinachiyembekezere. Masipika onse anazima. Malole anaima, mawezulo analeka. Chinamtindi chonse chija chinangoti zii kwa masekondi 72. Unkamva ndege kumwamba ndi mafuta akuthetheka pa mbaula. N'kukumbukira anthu 72 amene anafa pa moto wa Grenfell Tower pa 14 Juni 2017, nyumba yosanja 24 imene ili m'dera lomweli, kufupi ndi siteshoni ya Latimer Road kumene zipolowe za 1958 zinayambira. Moto unayambira pa firiji m'nyumba imodzi, koma unakwera nyumba yonse chifukwa cha zomatira zakunja zogwira moto msanga zimene anaziika pokongoletsa. Okhalamo anali atadandaula kale za chitetezo, osamvedwa. Ambiri anali anthu wamba ochokera kumaiko ena, a ku Morocco, ku Eritrea, ku Sudan, ku zilumba, ndi azungu osauka, m'boma laling'ono limene lili m'gulu la olemera kwambiri m'dziko muno. M'mawa mwake amene anayamba kutsegula zitseko ndi kugawa zofunda anali matchalitchi, mizikiti ndi maholo a m'deralo, thandizo la akuluakulu lisanaoneke. Mtundu wa chikumbutso chawo ndi wobiriwira, ndipo utoto wa kumaso kwanga uja unali wobiriwira. Ndinazindikira tanthauzo lake nthawi imeneyo. Mnyamata wina pafupi nane, wamaliseche kumtunda, chitini cha mowa m'manja, misozi inkangotsika. Masekondi atatha anthu anawomba m'manja, ng'oma n'kuyambiranso.

Sindikufuna ndikunamize kuti zonse ndi zokoma. Pena anthu amapanikizana moti mapazi amachoka pansi, ndipo kawiri ndinachita mantha chifukwa cha agogo, mpaka anyamata ena anapanga mpanda ndi manja awo kutitulutsa. Zimbudzi ndi zochepa, mizere yake ngati ya chimanga pa nthawi ya njala, ndipo ena okhala m'deralo amalipiritsa kulowa m'chimbudzi cha m'nyumba mwawo. Fungo la chamba lili ponseponse. Akuba mafoni aliponso. Chaka chilichonse apolisi amamanga anthu mazana angapo, ndipo mu 2024 anthu awiri anamwalira atavulazidwa kumeneko. Lolemba, lomwe ndi tsiku lalikulu la akuluakulu, sindinapiteko, ndipo zina zimene zimavinidwa tsiku limenelo ngakhale ine ndikanayang'ana kumbali. Komanso kuvina sikunabweze nyumba ija kwa agogo, ndipo pamene ndikulemba pano palibe amene walowa m'ndende chifukwa cha imfa za pa Grenfell. Lachiwiri m'mawa misewu imakhala itasesedwa, matabwa achotsedwa, eni nyumba za pinki abwerera.

Koma pobwerera m'basi ndinkaganiza za momwe ife timakumbukirira zowawa zathu. Ukukumbuka 3 Malichi tili ana, wailesi ikulira nyimbo zachisoni tsiku lonse, osaloledwa kusewera mpira kapena kupita kumunda, akuluakulu akutiopseza kuti tikaseka mokweza atitenga. Tinkaopa tsikulo kuposa kulimvetsa. Nanga 20 Julaye 2011, pamene ine ndi iwe tinagona pansi m'nyumba ya achemwali ako tikumva mfuti? Anthu pafupifupi 20 anafa, ambiri ku Mzuzu, ena anaikidwa kumanda a ku Zolozolo. Ana ako a Fomu 2 akudziwapo chiyani za tsikulo? Sindikunena kuti tikavine kumanda, mwambo wathu ndi wina ndipo kulira kuli ndi malo ake. Koma kamtsikana ka migolo kaja kakudziwa dzina la Kelso Cochrane, kakudziwa za Mangrove, ndipo sikanaziphunzire pokonzekera mayeso. Kanazimva kwa bambo wa imvi uja pa mapulakatisi, pakati pa nyimbo ndi nyimbo. Iwe amene uli ndi kalasi komanso kwaya, undiuze maganizo ako, ngakhale ondikalipira.

Za nthenga ndi mikanda zija, amayi a Mvano uwauze kuti ine ndinavala diresi langa la chitenje lija unandisokera, lofika m'maondo, ndi nsapato zogwirira ntchito. Chithunzicho chinadulidwa pachifuwa n'chifukwa chake sunalione. Anthu atatu anandiimitsa kufunsa kumene ndinaligula, ndipo mmodzi anajambula dzina la Malawi pafoni yake kuti akalifufuze. Agogo akuti chaka chamawa akufuna lawo, la mtundu wofiira, wakuda ndi woyera ngati mbendera ya kwawo. Ndiwayeza Lamulungu likubwerali tikaweruka kutchalitchi, ndikutumizira miyezo pa WhatsApp. Ukapeza nsalu yabwino ku Limbe undiuze mtengo, ndalama ndiphatikiza ndi za fizi ya mwana mwezi ukatha. Manja akhale aatali, sakonda kuonetsa mikono.

Undiperekere moni kwa amayi, uwauze kuti mafuta opaka mwendo aja ndapatsira munthu amene akubwera mu Okutobala. Moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mnzako wa kalekale.